Tsiku limene chitsime cha apongozi chinanunkha oyilo

Patatha masiku atatu mvula ya namondwe Ana italeka, kumapeto kwa Januwale 2022, apongozi anga aakazi anatsikira kudimba mbandakucha kukatunga madzi. Anabwerako ndi ndowa yodzaza, koma sanailowetse m'nyumba. Anaitula pakati pa bwalo n'kuitana mwana wawo, amene ndi mkazi wanga. Ine ndinali pashedi ndikukunga tcheni cha njinga yamoto ya munthu. Kwathu kuno mkamwini salankhulana maso ndi maso ndi apongozi, choncho mawu anadzera mwa mkazi wanga.

"Bambo a mwana, amayi akuti mubwere mudzanunkhize madziwa."

Sindinachite kuwerama. Pamwamba pa madzi panali kanthu kopyapyala, konyezimira mitundumitundu ngati utawaleza. Ndinaviika chala, kanang'ambika, ndipo nditachotsa chalacho kanabwererana. Fungolo ndinalidziwa, pakuti ndi lomwe ndinkagona nalo m'zikhadabo kwa zaka 9. Chitsime chimenecho chinkamwetsa mabanja anayi, ndipo ndi chomwe chinkathirira tomato, kabichi ndi chimanga cha mondokwa m'dimba la apongozi.

Ndikulemba izi chifukwa cha anzanga amene muli ndi katebulo ka mabotolo a petulo m'mbali mwa msewu, ndi inu okonza njinga zamoto pansi pa mtengo wa mango, kuyambira ku Moatize mpaka ku Zóbuè, ku Ulónguè, ku Domwe ndi ku Calómuè. Sindikukuuzani kuti musiye, chifukwa ine mwini sindinasiye ndipo ndikudziwa kuti ufa wa m'nyumba umachokera pamenepo. Ndikufuna mudziwe zimene ine ndinadziwa mochedwa.

Ndinabadwira ku Tsangano, koma ndinakwatira chikamwini m'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu waukulu, chakufupi ndi mphambano ya Mussacama pomwe msewu wa ku Angónia umapatukira. Geni ya mafuta ndinaiyamba mu 2013. Malasha a ku Moatize anali atayamba kutuluka mu 2011, ndalama zinkayenda, anyamata ankagula njinga zamoto ngati akugula nsapato, koma bomba la mafuta linali kutali. Munthu akathedwa petulo, amene kuno ambiri timati gazolina, ankathamangira kwa ine. Ena ndinkakagula pabomba m'zigubu za malita 20 n'kudzaonjezera kangachepe. Ena, sindibisa, ankabwera usiku. Petulo ndi dizilo za m'dziko muno la Mozambique zimabwera pa sitima zapamadzi, n'kutsitsidwa ku Beira, ku Nacala kapena ku Matola. Malawi alibe nyanja yamchere, choncho gawo la mafuta ake limadutsa pakhomo pathu penipeni: magalimoto a zithanki amachoka ku Beira, kudzera ku Changara, kuoloka Zambezi pa Tete, n'kukwera mtunda wa ku Zóbuè kukatulukira ku Mwanza. Pa ulendo wautali chonchi sipalephera dalaivala wofuna ya m'thumba. Amaima pamdima, payipi imalowa m'thanki, wina amayamwa ndi pakamwa mpaka mafuta atayamba kutsika, zigubu n'kumadzaza. Ine ndayamwapo payipi kosawerengeka.

Kusintha oyilo ndiko kunkandipatsa makasitomala okhazikika. Njinga iliyonse inkasiya oyilo wakuda wokwana pafupifupi lita imodzi. Wina ankapempha wopakira mitengo ya khola kuti chiswe chisadye, wina wopaka nkhumba ya mphere, wina wothira m'chimbudzi kuti chisanunkhe. Wotsala ndinkathira m'kadzenje kuseri kwa shedi, pamodzi ndi petulo wotsukira zitsulo, mafyuluta akutha ndi nsanza. M'mawa dzenje linkakhala louma, ine n'kumati dothi lameza. Kuchokera padzenjepo kukafika pachitsime panali mapazi ngati 40, ndipo chitsime chinali kumunsi. Palibe tsiku limene ndinaimapo n'kuyang'ana kutsetsereka kwa malowo.

Chenjezo loyamba linabwera Lachinayi pa 17 Novembala 2016, ku Caphiridzange, m'boma lathu lomweli la Moatize. Galimoto yonyamula petulo kuchokera ku Beira kupita ku Malawi inapatuka pamsewu, anthu anaunjikana ndi ndowa, zigubu ndi mabeseni kudzatapa mafuta, kenako inaphulika. Anthu osachepera 80 anafa, ena pomwepo, ena pambuyo pake kuchipatala ku Tete, ndipo dziko lonse linakhala pa maliro masiku atatu. Uthenga woti kuli mafuta unandipeza inenso tsiku limenelo. Chimene chinandiletsa si nzeru ayi. Njinga yanga inali itaphwa tayala. Mnzanga amene tinkagulira limodzi zigubu anapita, ndipo tinakamuika m'manda osamuona nkhope.

Anthu ambiri amaganiza kuti chimayaka ndi madzi a petulowo. Chimayaka ndi mpweya wake. Mpweyawo ndi wolemera kuposa umene timapuma, sukwera m'mwamba ngati utsi, umakwawa pansi ngati njoka, kutsata ngalande ndi malo otsika, mpaka utapeza mbaula, ndudu, kandulo kapena kamoto kothetheka pa waya wa batire. Moto umayambira kutaliko n'kuthamanga kubwerera kumene kuli chigubu. N'chifukwa chake munthu woima patali, wongoonerera, amapsa limodzi ndi wotapa. Mukamva kuti galimoto ya mafuta yagwa kapena ikutayikira, gwirani ana anu dzanja muzipita kumtunda, kumene mphepo ikuchokera. Ndowa isiyeni. Ndipo moto wa petulo sathira madzi, chifukwa mafuta amayandama n'kuyenda ndi madziwo akuyaka. Mchenga ndiwo umazimitsa ukadali waung'ono. Munthu akapsa, thirani madzi ozizira pabalapo kwa mphindi 20, osapaka mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira, kenako kuchipatala.

Nditabwera kumaliro ndinatseka katebulo miyezi iwiri. Itakwana nthawi yogula feteleza ndi makope a ana, ndinatsegulanso. Za usiku zokha ndi zimene ndinasiyiratu.

Chenjezo lachiwiri linalowa m'nyumba mwanga. Mu 2018 mwana wathu wamwamuna, ali ndi zaka zitatu, anapeza botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi pansi pa tebulo, muli petulo wotsala pang'ono. Anamwa. Ndinamva kutsokomola kwachilendo, kouma, kosalekeza, ndipo nditatembenuka ndinaona misozi ili chuchuchu, malaya anyowa kutsogolo. Tinachita zomwe aliyense pamudzi ankafuula: wina anabwera ndi mkaka, ine ndinamulowetsa chala kukhosi kuti asanze. Anasanza, anaoneka ngati wapepukidwa, anagona. Pofika pakati pa usiku thupi linali moto, akupuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati. Namwino wa kuchipatala atamva zomwe tinachita anagwira mutu. Anandiuza modekha kuti, "Bambo, petulo ndi palafini siziopsa kwambiri zikakhala m'mimba, zimaopsa zikalowa m'mapapo. Pomusanzitsa paja munazibweza kukhosi, zina n'kulowera njira ya mpweya." Mwanayo anagona m'chipatala masiku 6 ndi chibayo. Anachira, tithokoze Mulungu. Koma mawu a namwino aja ndimawabwereza kwa aliyense: mwana akamwa petulo, dizilo kapena palafini, musamusanzitse, musamukakamize mkaka kapena mafuta ophikira. Muvuleni zovala zonyowazo, musambitseni, mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale akuseka, chifukwa mapapo amayamba kuonetsa patapita maola. Akulu oyamwa payipi, ngozi yake ndi yomweyo. Komanso mu petulo muli mankhwala otchedwa benzene, amene amadziwika kuti amayambitsa khansa ya m'magazi kwa anthu oupuma kapena kuukhudza kwa zaka zambiri. Kampope ka m'manja ndi kotchipa kuposa bedi la m'chipatala.

Zonsezi zinachitika, koma dzenje lija ndinkathirabe.

Namondwe Ana anagwera kumtunda cha ku Nampula pa 24 Januwale 2022, n'kudutsa kulowera kuno ndi kummwera kwa Malawi. Madzi amene anagwa masiku amenewo sindinawaonepo chibadwire. Mtsinje wa Revúbuè unadzaza mpaka kugumula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, nyumba zambiri zinapita, ndipo ngakhale mkulu wa boma la Tete anakokoloka ndi madzi ali pa ntchito yoyendera anthu. Kwathu kumtunda nyumba sizinagwe zambiri, koma nthaka inakhuta. Madzi a pansi anakwera mpaka kufika m'dzenje langa, ena anasefukira pamwamba. Oyilo wa zaka 9 amene ndinkati dothi linameza anali pomwepo, akungodikira chomunyamula. Anatsika mapazi 40 aja.

Tinayesa zonse. Tinakapa chitsime mpaka kuona matope, katatu konse, ndipo nthawi iliyonse madzi atsopano akabwera utawaleza uja unkabweranso. Mlamu wanga wamkazi anati tiziwiritsa. Titawiritsa, nyumba yonse inanunkha ngati galaja. Wina anathira Certeza. Mankhwala amenewa ndi abwino, amapha tizilombo ta kolera ndi kutsegula m'mimba, koma ntchito yake si yochotsa mafuta. Kusefa pansalu nakonso sikuthandiza. Oyilo wotuluka mu injini si wofanana ndi watsopano: amakhala atatola tizitsulo tosaoneka ndi maso ndi zotsalira za moto wa mu injini, ndipo zina mwa izo zimabweretsa khansa. N'chifukwa chake sayenera kupakidwa pa bala la chiweto, kapena kuthiridwa m'chimbudzi, chifukwa dzenje la chimbudzi ndi njira yachidule yokafika ku madzi a pansi.

Nkhani inapita kwa amfumu. Ndinakhala pansi pabwalo, ankhoswe anga pambali, mabanja anayi aja patsogolo. Atsibweni a mkazi wanga, eni mbumba, analankhula mosakweza mawu. Anati chitsime chija anakumba ndi malemu bambo awo anthu atangobwerako kothawa nkhondo, pambuyo pa mtendere wa 1992, pomwe mudzi wonse unali thengo. Anati pa nthawi ya njala palibe wa m'banjamo anagona ndi njala dimba lija lilipo. Kenako anati, "Mkamwini timamupatsa malo kuti amange, osati kuti aphe madzi." Ndinalibe choyankha. Chigamulo chinali choti ndikumbe chitsime china ndi ndalama zanga, ndifukule dothi lonse loipalo, ndipereke mbuzi. Ndinaomba m'manja kuvomera, ndipo mpaka lero ndimaona kuti anandichitira chifundo.

Madzulo ake alamu anga aamuna, amene ndi mphunzitsi ndipo amatsata nkhani za dziko, anabwera kudzandipepesa. Anati, "Alamu, musadziphe ndi maganizo. Inu mwathira timalita tingati? Amene anabweretsa mvula imeneyi ali ku America, ku Ulaya ndi ku China." Tinakhala mpaka usiku akundifotokozera, ndipo zambiri ndinadzazimvanso pawailesi. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa mpweya wa carbon dioxide wolemera makilogalamu oposa awiri, dizilo kuposerapo. Mpweya umenewu umaunjikana kumwamba n'kumasunga kutentha ngati bulangete. Nyanja ikafunda imatulutsa nthunzi yambiri, mlengalenga mofunda mumasunga chinyezi chambiri, ndipo namondwe akabwera amakhuthula zonsezo nthawi imodzi. Akatswiri a zanyengo amene anafufuza za namondwe Ana anapeza kuti kutentha kwa dziko kunaonjezera mvula yake. Idai anabwera mu Malichi 2019, Kenneth mwezi wotsatira, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023. Agogo athu ankawerenga zaka ndi dzombe kapena njala, ife tikuwerenga ndi maina a anamondwe. Pomwe Africa yense, ndi anthu ake oposa biliyoni imodzi, satulutsa ngakhale magawo 4 pa 100 a mpweya umenewu.

Zimenezi zimandipweteka, ndipo alamu sananame. Mu 2009 ku Copenhagen maiko olemera analonjeza madola 100 biliyoni chaka chilichonse pofika 2020 kuti athandize maiko osauka pa zanyengo, ndipo 2020 inakwana ndalamazo zisanakwane. Mu 2015 ku Paris anasainirana kuti kutentha kusapitirire. Mu Novembala 2022 ku Sharm el-Sheikh anavomera kukhazikitsa thumba lolipirira zoonongeka ndi nyengo, ndipo mwezi womwewo sitima yoyamba ya gasi wa ku Cabo Delgado, wochokera pamalo opopera gasi a panyanja otchedwa Coral Sul, inanyamuka kupita kunja. Kuno ku Tete nkhaniyi sitichita kuimva pawailesi, timaiona ndi maso. Sitima za malasha zimachoka ku Moatize, kudutsa m'Malawi, ulendo wa makilomita oposa 900 kukafika ku Nacala, kuti malashawo akapse m'maiko ena. Kampani ya Vale ya ku Brazil itanena kuti ikutuluka mu bizinesi ya malasha, inagulitsa mgodi ndi njanji yake kwa kampani ya Vulcan mu 2022 pa madola 270 miliyoni. Mwini anasintha, malasha akukumbidwabe. Magetsi a Cahora Bassa ambiri amapita ku South Africa, pomwe midzi yambiri ya chigawo chomwechi imaunikira tochi ndi kuphikira makala. Wina akandiuza kuti Mozambique asiye gasi wake pansi pomwe iye analemera ndi malasha ndi mafuta kwa zaka zoposa 100, ndimafuna ayambe wanena chimene atipatse m'malo mwake. Ndipo atsogoleri athu akandiuza kuti gasi atilemeretsa, ndimafuna ayambe andionetsa chimene malasha asiya m'midzi ya ku Moatize.

Koma usiku umenewo ndinawauza alamu kuti mawu awo sanganditsuke. Mvula anaikulitsa ndi ena, inde. Dzenje ndinakumba ndine. Mvula yomweyo inagwanso pa zitsime zina za m'dambomo, ndipo patatha sabata madzi ake anayera, anthu akumwa mpaka lero. Chimene ndinaphunzira n'chakuti nyengo yasintha kale, ndipo zinthu zomwe kale zinkakhululukidwa ndi mvula yabwinobwino tsopano sizikhululukidwa. Malo amene madzi sankafika, akufika. Chimene munakwirira, chidzafukuka.

Kufukula dzenje kunatenga masiku 8, ine ndi anyamata awiri aganyu. Pamwamba linkaoneka laling'ono ngati beseni, koma pansi dothi lakuda, lonata, linafika m'chifuwa mwanga ndipo linali litatambalala kulowera kumunsi ngati muzu. Mlangizi wa zaulimi anatiuza kuti tisalitaye mumtsinje kapena kulitentha. Tinalituta pa wilibala kupita nalo pamalo okwera, kutali ndi madzi, n'kuliyala pa pepala lapulasitiki lochindikala, kulisakaniza ndi manyowa a ng'ombe, kulitembenuza mwezi ndi mwezi ndi kulifunditsa nthawi ya dzinja. Tizilombo ta m'manyowa timadya mafutawo pang'onopang'ono, fungo limachepa, koma tizitsulo tija sitichoka, choncho dothi limenelo silidzalimidwamo chakudya. Ndime zitatu za dimba zoyandikana ndi chitsime tinazisiya.

Mtengo weniweni wa cholakwa changa tinaulipira mu 2024. El Niño anadula mvula chimanga chikumasula ngaiyaye, minda ya kumtunda inapsa, ndipo anthu onse anathamangira kumadimba. Amene anali ndi chitsime chabwino anadya mondokwa, anagulitsa tomato n'kugula ufa. Chitsime chatsopano chimene ndinakumba chinayenera kukhala kumtunda kwa malo oipawo, ndipo kumtunda madzi ndi ochepa. Chinaphwa mu Ogasiti. Chakale chija, chimene sichinaphwepo chikumbireni, chinali ndi madzi, koma osamweka, osathirika. Ndinkaona apongozi anga, munthu wachikulire, akudzuka nkhuku zisanalire kukaima pamzere wa pamjigo, akudutsa pafupi ndi chitsime chodzaza madzi. Sanandinenepo kanthu. Chaka chimenecho ndinagulitsa njinga yanga kuti ndigule matumba a chimanga a nyumba ziwiri.

Panopa shedi ndinaisamutsira tsidya lina la msewu, kumunsi kwake kulibe chitsime kapena dimba. Pansi ndinawaka simenti ndi kakhoma kozungulira kotalika ngati chikhatho, kuti chotayika chisatuluke. Oyilo ndimakhetsera m'beseni lachitsulo, kenako m'mgolo wotseka umene uli pamthunzi, pamwamba pa njerwa. Ukadzaza ndimaukweza pagalimoto kupita nawo kugalaja ina yaikulu ya mumzinda imene imasonkhanitsa oyilo wakutha. Ndinachita kufunsa magalaja angapo ndisanaipeze, choncho musagwe ulesi mukakanidwa koyamba. Chotayika pansi ndimawaza utuchi kapena mchenga n'kuolera m'thumba. Petulo sagona m'nyumba yogona anthu, ali ndi kachipinda kakekake kopita mphepo, kotseka ndi loko, ndowa ziwiri za mchenga zili pakhomo. Chigubu sindidzaza mpaka pakamwa, chifukwa kutentha kwa Okutobala kumafufumitsa mafuta, ndipo pothira chimakhala pansi, osati pamwamba pa njinga kapena m'galimoto. Mabotolo a patebulo sakhala pofikira mwana, ndipo madzulo onse amabwerera m'chipindamo, ngakhale lotsala kadontho. Wobwera ndi ndudu kukamwa ndimamuimitsa kumsewu. Ena amakwiya n'kupita kwa mnzanga wapatsogolo. Opempha oyilo wakuda wopaka nkhumba ndimawakaniza, ndimawauza apite kwa alangizi a ziweto.

Ngati muli ndi dzenje ngati langa lija, musadikire dzinja. Pitani mukaime pamenepo, muthire ndowa ya madzi pansi, muone kumene akulowera, ndipo muyende kutsata njirayo mpaka mutapeza chimene chili kumapeto kwake.

Chitsime chakale tinachivundikira ndi chimwala cha simenti kuti ana ndi mbuzi zisamwemo. Chaka chilichonse mu Okutobala, mvula ya chizimalupsa isanagwe, ndimapita ndi mkazi wanga kukachitsegula. Ndimatunga ndi kachitini, kuthira m'mbale yoyera, n'kuiika padzuwa kuti madzi adekhe. Ulendo wathawu tinadikira nthawi yaitali osaona kanthu, mpaka mkazi wanga anayamba kumwetulira. Kenako m'mphepete mwa mbale munatulukira kadontho konyezimira, kakang'ono ngati ndalama ya metikali imodzi. Tinabwezera chimwala chija, iye n'kukwera kumtunda kukawauza amayi ake kuti chaka chinonso ayi.